Awiri Ndisanagwire Sizasi

4 Febuluwale

Mwana wanga Dokotala,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ntchito ya m'sitolo ya mankhwala ikuyenda. Ndikudziwa kuti iwe umangoima pakauntala n'kumakulunga mabokosi, koma kuno dzina la Dokotala lakukanirira, ndipo ine sindikuthandiza kulichotsa. Tonse tili bwino, kupatula mutu wangawu.

Mapiritsi unatumiza mwezi watha aja atha. Mutu ndi womwe uja waching'alang'ala, umene unkakuyendetsa monyang'ama m'nyumba uli mwana. Umayamba ndi tinyale m'diso lamanzere, tokhotakhota ngati zigizagi wa pampendero. Kenako theka la mutu limagunda, mseru umabwera, kuwala sindikufuna, ngakhale fungo la simbi yotentha limandidwalitsa. Umenewo ndinauzolowera, umabwera kawiri pamwezi n'kupita. Koma kuyambira Disembala wabweretsa mnzake. Ameneyu sagunda, amangofinya mutu wonse ngati ndavala chipewa cha mwana, ndipo ndi amene amandidzutsa m'mawa.

Tsono imva nkhani yeniyeni. Pangano la chipinda changa chosokera likutha pa 31 Meyi, ndipo paja chimwalirireni bambo ako pepala lake amasaina ndi mchimwene wako. Ahedi athuwo, amene kusukulu kwawo amangophunzitsa masamu koma kuno amalamula ngati sukulu yonse ndi yawo, agamula kuti akundidwalitsa ndi makina. Akuti mutu ukapanda kusintha pofika tsikulo abweza kiyi kwa eni nyumba, ine ndikakhale kwawo ndizikaonera ana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala ndikusoka m'chipinda chimenechi, ndipo sindinakonzeke kutulukamo. Ndiye tumiza amphamvu, kuti pofika Meyi andione ndikuseka. Upatse wa basi yemwe uja.

Mayi ako.

11 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndakondwa kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino, kungoti miyendo imatupa ndi kuimirira.

M'katonimo muli mabokosi atatu. Oyera ndi omwe aja. Ofiirawo ndi atsopano, m'piritsi limodzi muli mankhwala atatu, ndipo anthu kuno akuwagula ngati mchere. Mukangomva kuti ukubwera imwani, musadikire kuti ukhazikike. Musawaumire. Ife antchito amatichotsera mtengo, ndiye akatha ingonenani.

Za achimwene musade nazo nkhawa. Munthu amene analephera kukuletsani kapu yachitatu ya tiyi angakulandeni makina? Kubwera sindingathe panopa, tchuthi akuti mwina pakati pa chaka. Ndikudziwa kuti ndinanena zomwezi chaka chatha ndi chaka chinacho, koma ulendo uno ndiyesetsa.

Mwana wanu.

15 Marichi

Mlongo wanga,

Moni. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Ndikulemba monga wamkulu, ndiye uwerenge mpaka pansi usanakwiye.

Mwezi wathawu ndinkawerenga. Pa masiku 28, Amayi anadandaula mutu masiku 21. Ndinapita nawo kokapimitsa maso, anawapatsa magalasi. Kuthamanga kwa magazi anayeza, kuli bwino. Babu la m'chipinda chawo ndinasintha. Ukachotsa zonsezi chotsala n'chiyani? Makina. Munthu amawerama pa singano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, phazi pa chopondera, phokoso m'khutu, nkhomaliro osaikumbuka.

Lachinayi ndinawapeza atatsamira chipumi patebulo la makina, kansalu konyowa pakhosi, kasitomala ataima pakhomo akufunsa za zipi yake. Ndinati, "Amayi, tiyeni kunyumba." Anandiyankha osadzutsa mutu, "Ahedi, belu silinalire." Kasitomalayo anaseka. Ine sindinaseke, ndinachita mantha, ndipo ndikuchitabe.

Sindikufuna kuwalanda kanthu. Bambo tinawataya tikuyang'ana, tikuti mawa akhala bwino, ndipo sindikufuna kubwereza. Eni nyumba ali ndi munthu wina wofuna chipindacho, wometa tsitsi, ndipo akufuna yankho pa 31 Meyi. Amayi amakumvera iwe kuposa ine, ndiye undithandize kuwanyengerera. Pakadali pano pitiriza kutumiza mapiritsi, chifukwa ndi okhawo akuwaimika.

Mchimwene wako.

3 Epulo

Dokotala,

Moni mwana wanga. Miyendo ili bwanji? Uziikweza pampando ukaweruka.

Atha onse, ofiira ndi oyera omwe. Ndikudziwa kuti udabwa, ndiye ndikuuze chimene sindinauzepo munthu, ungaganize kuti ndikugulitsa.

Chaka chatha mu Ogasiti kunabwera mtsikana ndi nsalu yodula ya diresi loti akavale pa ukwati wa mkulu wake, mamita anayi osapitirira. Ndili m'kati modula, tinyale tija tinayamba. Ndinati ndimalize kaye. Mawa lake nditayala zidutswa patebulo ndinapeza ndadula manja awiri a mbali imodzi, onse akumanja, ndipo nsalu yotsala sinkakwana ngakhale kolala. Mtsikanayo sanakalipe. Anangoti, "Amama, mwina mwatopa," n'kutolera nsalu yake kupita nayo kwa telala wa kuseri kwa msika. Bola akanatukwana.

Kuyambira tsiku limenelo sindigwira sizasi ndisanamwe mapiritsi awiri. Mutu ulipo, mutu palibe, awiri ndi tiyi, kenako choko, kenako sizasi. Msoko wolakwika umasoloka, koma nsalu ya mwini ikadulidwa yadulidwa. Masana ukayamba kufinya ndimaonjezera ofiira. Kale Lamlungu ndinkapuma osamwa, popeza sindidula, koma masiku ano Lamlungu ndi limene umandizunza kwambiri, ndiye nalonso ndimamwa.

Izi usamuuze mchimwene wako, anganene kuti ndayamba kale kuononga nsalu za anthu. Iwe ungotumiza.

Mayi ako.

14 Epulo

Amayi,

Ndili bwino m'thupi, koma mumtima ayi. Khalani pansi powerenga.

Lolemba ndikulongedza katoni yanu, abwana anga, mayi amene anaphunzira za mankhwala zenizeni, anaima kumbuyo kwanga. Anati, "Iwe, kodi kwanu mwatsegula chipatala? Mabokosi onsewa akumwa ndani?" Ndinati ndi mayi anga. Anati, "Okha?" Ndinati okha. Anandiitanira m'kachipinda ka kumbuyo, ine n'kumaganiza kuti ntchito yatha. Mundikhululukire, ndinawawerengera kalata yanu yonse, ya manja awiri ija.

Akuti munthu wa mutu waching'alang'ala akamamwa mapiritsi opha ululu pafupipafupi, oyera masiku khumi ndi asanu pamwezi, ofiira ngakhale masiku khumi okha, kwa miyezi itatu kapena kuposa, thupi limazolowera. Mphamvu ya mankhwala ikangotha, mutu umapweteka kuitanitsa ena. N'chifukwa chake umakudzutsani m'mawa, ndipo n'chifukwa chake unkakula Lamlungu, tsiku limene simunkamwa.

Nditaweruka ndinayala makalata anu onse pabedi n'kuyang'ana madeti. Mpaka Ogasiti katoni imodzi inkakukwanani miyezi itatu. Kuyambira Sepitembala mwakhala mukuitanitsa mwezi uliwonse. Mutu wofinyawo unayamba mu Disembala. Zonsezi zinali m'manja mwanga, ine n'kumangonyadira kuti ndikusamalira mayi anga. Safunsa anadya phula, koma phula lake ndakudyetsani inu. Ndachita manyazi kwambiri.

Abwana akuti iwo sayeza odwala, ndipo mutu uli ndi zoyambitsa zambiri, ndiye mupite kuchipatala sabata ino. Mukanene zonse, kuphatikizapo awiri a m'mawa aja. M'katonimu muli ulusi ndi masingano. Piritsi mulibe ngakhale limodzi, musavutike kufufuza pansi.

Mwana wanu.

5 Meyi

Mwana wanga,

Nditatsegula katoni n'kupeza ulusi wokhawokha ndinakutukwana mumtima masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinapita kuchipatala.

Adokotala enieniwo ndi mayi wa msinkhu wako. Anandiunika m'maso, anandiuza kuti ndigwire mphuno nditatsinzina, ndifinye zala zawo, ndiyende pamzere ngati woledzera amene akukana mlandu. Anafunsa ngati mutu unabwerapo mwadzidzidzi ngati ndamenyedwa ndi chitsulo, ngati dzanja kapena mwendo unafookapo, ngati lilime linalemerapo, ngati ndinatenthapo thupi khosi n'kuuma. Akuti chimodzi mwa zimenezo chikadzachitika ndidzathamangire kuchipatala ola lomwelo. Ndinati palibe. Kenako anafunsa za mapiritsi, ndipo ndinanena zoona.

Anati, "Mayi, mitu yanu ndi iwiri. Wina munabadwa nawo, winawu mwachita kugula." Ndinati sindinagule, ananditumizira ndi mwana. Usakhumudwe, inali nthabwala, ndipo iwonso anaseka.

Akuti ndisiye onse opha ululu. Andipatsa kapiritsi kena kakang'ono komwa madzulo aliwonse, kosapha ululu koma kotchinga kuti waching'alang'ala usabwere pafupipafupi, ndipo kamatenga masabata kuti kayambe kugwira. Ndizidya masana, ndizimwa madzi, ndizigona nthawi imodzimodzi, ndipo tsiku lililonse la mutu ndizichonga pakalendala. Anandichenjezanso. Anati, "Sabata yoyamba ndi yachiwiri mudzanditukwana. Mutu udzakula, mudzasanza, tulo tidzasowa. Musadzabwerere m'mbuyo, chifukwa pamenepo ndiye kuti zikuyenda. Tidzaonane pa 20 Juni."

Anati ndiyambe mawa lake. Koma ndili ndi mayunifolomu makumi atatu ndi asanu a sukulu ya mkaka oti ndipereke pa 15, ndipo sindingagone pabedi ana a eni akudikira. Ndagula timapiritsi tingapo pagolosale tondifikitsa tsikulo. Pa 16 ndisiya.

Mchimwene wako ndamuuza. Anati, "Mankhwala a mutu abweretse mutu? Amayi, ndiye kuti sopo nayenso amadetsa zovala." Akuganiza kuti ndapeka nkhaniyi kuti nditeteze makina. Umulembere ndiwe msanga. Pepala lochokera kusitolo ya mankhwala alikhulupirira, ndipo umuuze kuti andidikire mpaka Juni atathe.

Mayi ako.

11 Meyi

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Ndikulemba mwachangu kuti ipite ndi basi ya mawa.

Zimene Amayi akuuzani si zopeka. Mutu wa tsiku ndi tsikuwu unabwera ndi mapiritsi amene ndakhala ndikutumiza ine. Abwana anga ananena, adokotala atsimikiza. Makina alibe mlandu, wamlandu ndine.

Pa 16 Amayi asiya kumwa. Masabata awiri otsatirawo mudzawaona akudwala kuposa kale lonse. Adzasanza, adzafuna mdima, mwina adzakukalipirani. Musadzawapatse piritsi, ndipo musadzagamule kanthu pa zimene mudzaone masiku amenewo. Ngati mukukayika, tengani khadi lawo mukafunse nokha kuchipatala. Chonde sainani panganolo, kapena pemphani eni nyumba mwezi umodzi wokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Juni akatha mutu usanasinthe, ndidzawanyengerera ndine kuti atseke.

Ulendo uno katoni palibe, ndatumiza kalata yokha.

Mlongo wanu.

1 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati uli bwino, chifukwa wangoti zii mwezi wonse.

Unasiya kutumiza mankhwala osandiuza chifukwa chake, n'kundisiyira ine kuti ndione zotsatira. Kuyambira pa 17 Amayi sanadzuke. Anapachika bulangeti pawindo, ankasanza ngakhale madzi. Ndinagula mapiritsi, ndinagwada pambali pa bedi ndi kapu m'manja. Anati, "Ukandimwetsa ndiyambiranso kuwerenga masiku, chotsa." Ndinati tipite kuchipatala, anati tsiku lawo ndi la 20 Juni ndipo adokotala anawauziratu zonsezi. Ine ndinaona munthu amene akulolera kufa kuti asavomere kuti ntchito yamukulira.

Ankangoti dikira kalata ya mlongo wako. Ndinapita pa siteji katatu. Katatu konse wa basi anati katoni palibe.

Pa 24 ndinawanyamula kupita nawo kwathu. Ndipo tamvera, chichokereni pafupi ndi makina aja, masiku anayi apitawa akudya, dzulo anakhala pakhonde dzuwa likuwala. Ndiye unene wekha amene ankalondola. Dzulo lomwelo ndinabweza kiyi. Makina, tebulo, simbi ndi mpando zili pabalaza pano. Amayi sakundilankhula, koma bola mayi wosandilankhula kusiyana ndi manda.

Mchimwene wako.

8 Juni

Mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 11 Meyi ndailandira dzana. Wa basi anaipeza kuseri kwa chotchingira dzuwa cha dalaivala, pamodzi ndi malisiti ake. Nditamukalipira anati, "Bwana, inu mumafunsa katoni." Ndipo n'zoona, ndinkafunsa katoni.

Ndaiwerenga katatu. Dzulo ndinatenga khadi la Amayi kupita kuchipatala, chinthu chimene ndikanachita mwezi watha popanda wondiuza. Adokotala ananena zomwe unalembazo, pafupifupi liwu ndi liwu. Anatinso masiku amene Amayi anayamba kudya ndi omwewo amene iwo ankayembekezera, kaya akanakhala kwathu kaya pafupi ndi makina. Ine mphunzitsi wa masamu ndinawerenga masiku bwinobwino n'kupeza yankho lolakwa.

Kuchokera kumeneko ndinapita kwa eni nyumba. Wometa uja analowa pa 2, wasaina chaka, galasi wapachika kale. Ndinachonderera, koma madzi akatayika saoleka. Ndafunsa zipinda zina zitatu pafupi ndi msika, zonse zili ndi anthu.

Madzulo ndinawawerengera Amayi kalata yako n'kupepesa. Anati, "Wamva tsopano," n'kundipempha kuti ndiwapatsire mchere. Mawu aukali ndinakulembera aja undikhululukire.

Mchimwene wako.

29 Juni

Mwana wanga,

Moni. Ndamva kuti ukulira kumeneko. Leka, maso angatupe ngati miyendo.

Ndiyambe ndi za mutu, popeza ndi zimene unkafuna kumva. Pakalendala ya Juni ndachonga masiku asanu okha. Wofinya uja wapita, m'mawa ndimadzuka ngati munthu. Waching'alang'ala wabwera kawiri. Ulendo wachiwiri, tinyale titangoyamba ndinasiya zonse, ndinamwa awiri kamodzi kokha monga adokotala anandilolera pa 20, ndinagona mumdima, mawa lake ndinadzuka bwino. Akuti umenewu sudzatheratu, koma ndisapitirire masiku awiri pasabata ndi opha ululu, ndipo kapiritsi ka madzulo ndipitirize.

Makina ali pabalaza pa mchimwene wako, pakati pa sofa ndi kabati. Kuno n'kutali ndi msika, mwezi wonse kwabwera makasitomala atatu. Alamu ako ndi munthu wabwino, amatola ulusi pansi osadandaula. Mchimwene wako akuyendayenda kufunsa zipinda akaweruka, nsapato zatha mbali imodzi. Sindikumukwiyira, ndipo iwenso sindikukukwiyira. Ndikanasiya tsiku limene adokotala ananena, pofika pa 31 akanandipeza ndili pa makina. Aliyense wa ife atatu anaikapo dzanja lake.

Lachisanu ndinapita kukaona chipinda chija. Wometayo ndi waulemu, anandipatsa mpando. Paja ukudziwa kuti ine buku la miyeso ndinalibe. Aliyense ndinkamulemba pakhoma ndi pensulo, kuyambira kuseri kwa chitseko mpaka pawindo, chifuwa, chiuno, phewa, utali. Munthu akanenepa ndinkadula mzere n'kulemba pansi pake. Mchimwene wako ananyamula zonse zonyamulika, koma sanadziwe kuti khomalo ndi buku. Wometayo wapaka penti wobiriwira, kawiri, ndipo wapaka bwino. Ndinayang'anitsitsa ndi magalasi, sipakuoneka ngakhale nambala imodzi. Anafunsa, "Amama, mwataya chinachake?" Ndinati ayi bambo, ndimangoona ntchito yanu.

Zikundiwawa, ndisaname. Anthu a zaka makumi awiri ndi ziwiri anali pakhoma limenelo, ena anamwalira kalekale. Bambo ako anali pamwamba pa swichi. Iwe unali pafupi ndi windo, kuyambira yunifolomu yako yoyamba mpaka diresi limene unavala tsiku lopita kutauni.

Makasitomala ndiwayezanso mmodzimmodzi akamabwera, ndagula kabuku. Mchimwene wako ndamuyeza dzulo, anaima chilili ngati mwana wolakwa, ndipo ndi amene ali patsamba loyamba. Tsamba lachiwiri ndalisiya. Zaka zitatu ndi zambiri pa thupi la munthu, ndipo sindikudziwanso ngati unanenepa kapena unaonda. Wa basi usamupatse kanthu, ngakhale ulusi. Bwera wekha ndidzakuyeze.

Mayi ako.